Zithunzi Zimene Agogo Ankayanika Padzuwa

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Sichali a ku Kaseye, ndimamva fungo la chitini cha mabisiketi chimene ankasunga pansanja m'khitchini, pamwamba pa moto, pakati pa ngala za mawere ndi chimanga cha mbewu. Chitinicho chinali chakuda bii ndi mwaye, chivindikiro chake chomata, ndipo akachikanula ndi nsonga ya tchizulo munkatuluka fungo la utsi wakale losakanikirana ndi kafungo kena kowawasa ngati ka viniga. M'katimo munali masilaidi, tizithunzi ting'onoting'ono ta filimu totsekeredwa m'timafelemu ta katoni, toti sungaonepo kanthu pokhapokha utatikwezera kumene kukuchokera kuwala.

Agogo anali kalipentala pamishoni, munthu wosalankhulalankhula, wa m'manja mokhakhala ngati khungwa la mtengo. Masilaidiwo anawasiyira wansembe wina wachizungu pamene ankabwerera kwawo atadwala. Ambiri anali a madenga a tchalitchi, mabenchi, milatho ya mitengo ndi mapiri a Mafinga. Koma imodzi inali ya amayi anga, a Esnati, adakali mtsikana, akuchokera kuchigayo atasenza beseni la ufa, atatembenuka pang'ono ngati wina wawaitana dzina. Amayi anamwalira ine ndisanayambe sukulu. Bambo, amene anali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, anandisiya kwa agogo atawasamutsa ntchito, ndipo zithunzi zochepa za ukwati wawo zinadyedwa ndi chiswe m'nyumba ina ya aphunzitsi. Padziko lonse, nkhope ya amayi inatsala pa kafilimu kameneko basi.

Chaka chilichonse mvula ikatha, mphepo ya mwezi wa Juni ikayamba kuuluza makoko pabwalo, agogo ankatsitsa chitini chija, kuyala mphasa yatsopano pambali pa mawere, n'kundandalika masilaidi onse padzuwa. Ankati akupha chuku. Chuku anali kuchidziwa bwino, chinawawonongerapo matabwa, nsapato za kutchalitchi ndi mbewu, ndipo mankhwala ake anali amodzi, utsi ndi dzuwa. Ankakhala pampando wawo wa ndalema ndi kamtengo m'manja kuthamangitsa nkhuku, tsiku lonse, osapita kukapala matabwa. Agogo aakazi ankawaseka kuti akulondera zithunzi ngati ziwathawa.

Dzuwa likapendeka ankandiitana. «Bwera, mzukulu, udzaone anyoko.» Chichewa chawo chinali chotero, chopindikira ku Chitumbuka, ndipo mawu akawathera ankangolowa m'Chilambya osapepesa. Ankandigwiritsa silaidiyo m'mbali, chala chisakhudze pakati, ine n'kutsinzina diso limodzi. Ndinkaona mtsikana wamng'ono ngati nyemba, kumbuyo kwake mitengo ndi thambo. Kunena zoona sindinkamva chilichonse, ndinkangofuna kuti andimasule ndikasewere fulaye. Koma ndinkaona kuti chaka ndi chaka mtsikanayo ankafiirirafiirira. Mitengo inasiya kubiriwira, thambo linasanduka ngati dothi la katondo, ndipo nkhope inayamba kusungunukira m'kufiirako.

Agogo nawonso ankaona. Ankati chuku chikulowerera, ndiye anawonjezera masiku oyanika.

Ndili sitandade seveni kunabwera a Kamwendo, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Zomba, amene ankachita lendi kuseri kwathu. Anali munthu waulemu, anali ataphunzira kale kupereka moni wa Chitumbuka ngakhale lilime linkawalemera. Tsiku lina anaimika njinga pabwalo, anagwada pafupi ndi mphasa, anakweza silaidi imodzi kumwamba, kenaka anaibweza pang'onopang'ono.

«Bambo, mundikhululukire. Ife tinkaphunzitsira zoterezi kuntchito. Si chuku chikuchita izi ayi. Ndi dzuwali, ndi kutentha kwa pansanja. Utoto wake umasuluka ngati wa chitenje.»

Agogo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anafunsa funso limodzi lokha, ngati utoto wosulukawo umabwerera. A Kamwendo anagwetsa nkhope, anati sakudziwa.

Sindidzaiwala mmene agogo anatolera masilaidiwo tsiku limenelo, imodziimodzi, nkhuku zikudya mawere pambali pawo iwo osazithamangitsa. Atafika pa ya amayi anaiika pachikhatho n'kuiphimba ndi dzanja linalo. Ndinawamva akunena chapansipansi, osati kwa ine kapena kwa a Kamwendo, kuti, «Ndamuotcha ndekha mwana wanga.» Chitinicho anachikulunga m'jekete yakale n'kuchiika pansi pa sutikesi, ndipo sanandiitanenso kuti ndidzaone amayi. Apo m'pamene ndinayamba kufuna kuwaona. Mtima wa mwana ndi wopusa, abale.

Ndinakula, ndinaphunzira, ndinayamba ntchito ku Mzuzu. Agogo aakazi anatisiya, a Kamwendo anabwerera kwawo. Zaka zingapo zapitazo azakhali, mng'ono wawo wa amayi, anandiimbira foni kuti maso a agogo achita ng'ala, lamanja latsekeka kale, lamanzere likutsatira. Ndinaganiza za sutikesi ija ndipo mantha anandigwira, chifukwa mwa onse amoyo, agogo okha ndiwo ankadziwa bwinobwino mmene amayi ankaonekera adakali mtsikana. Azakhali anali kamwana pamene chithunzicho chinkajambulidwa, ndipo ukawafunsa amangoti anali okongola. Ndinabwereka kwa mnzanga wa situdiyo kamakina kokopera masilaidi kulowetsa m'kompyuta, anandiphunzitsa pang'ono kabwezeredwe ka mitundu, ndinakwera basi ya ku Chitipa.

Agogo anakana. «Yayi, mzukulu. Mulibe munthu mmenemo, ndinamumaliza.» Ndinawanyengerera mpaka ndinapsa mtima, chifukwa inenso ndine wa Sichali ndithu mbali ya liuma. Ndinawauza kuti amayiwo ndi anganso, sanali awo okha. M'mawa mwake ndinapeza jekete ija ili patebulo.

Tinatchinga zenera ndi chitenje kuti kuwala kusasokoneze. Ndinapukuta fumbi ndi kaburashi kofewa, kamakina kanalira pang'ono, ndipo amayi anatulukira pa laputopu, aakulu kuposa mmene ndinawaonerapo, koma ofiira psuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati ndikuwaonera m'botolo la sobo. Agogo anasendeza mpando mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi, anaona, anatembenukira kukhoma.

Ndinawafotokozera mmene mnzanga anandiuzira, kuti utoto wa filimu uli m'magawo atatu ndipo sasuluka mofanana, kuti kompyuta imatha kukweza magawo ofookawo, koma imafuna uilozere chinthu chimodzi chimene ukudziwa kuti chinali choyera, kuti iyezerepo zina zonse. Ndinaloza beseni lija.

«Agogo, ufawu unali woyera kapena mgaiwa?»

Anachita ngati ndawatukwana. «Mgaiwa? Sabata ya Khirisimasi? Agogo ako aakazi akanandithamangitsa pakhomo. Woyera umenewo, wonyika.»

Ndinadina paufapo. Kufiira kuja kunachoka ngati wina wakoka nsalu. Mitengo inabiriwira, ya nthawi ya mvula, thambo linabwerera, diresi linaoneka lachikasu ndi timaluwa. Ine ndinakuwa, «Mayo ine!» Azakhali anabwera akuthamanga kuchokera kukhitchini, sopo ali m'manja.

Agogo sanasangalale. Anayang'anitsitsa ndi diso lawo limodzi lija, misozi ya ng'ala ikutsika, kenaka anapukusa mutu.

«Diresi ndi lomwelo, ndinagula ku Isoka. Koma uyu si Esnati. Uyu ndi wotuwa ngati wadwala. Mwana wanga sanali chonchi.»

Anali kunena zoona. Pankhope ndi pamikono, pamene dzuwa linadya kwambiri, kompyuta inangopeka, khungu linatuluka lotumbululuka ngati phulusa. Panalibenso choyezera. Ndinayamba kusuntha timizere ta mitundu pang'onopang'ono, iwo akuti yayi, ndikadetsa akuti wapyola, ndikabweza akuti yayi. Batire linali kutha, magetsi kunalibe, ndipo ndinaona kuti diso lawo latopa, ankalipukuta ndi kumbuyo kwa dzanja kawirikawiri. Ndinawafunsa kuti andiuze chinthu chofanana nalo, kaya thabwa la mlombwa, kaya tiyi wopanda mkaka. Zonse anakana. Ndinataya mtima, ndinati mwina tisiye pomwepa, bola nkhope ikuoneka.

Pamenepo agogo anapapasa patebulo mpaka anapeza mkono wanga wamanzere. Anaukoka ndi manja awo okhakhala aja, anakwinya malaya anga mpaka m'chigongono, n'kuugoneka m'mbali mwa galasi, pafupi ndi mkono wa mtsikana wa beseni.

«Ukuvutikiranji? Fananiza ndi apa.»

Palibe anandiuzapo zimenezo chibadwire. Anthu ankati ndinatengera mphumi ya bambo ndi mkwiyo wa agogo, basi. Ndinasuntha timizere tija ndi dzanja limodzi, ndikuona mwa apo ndi apo chifukwa cha misozi, mpaka mikono iwiriyo inakhala mtundu umodzi. Agogo anasendera pafupi, kenaka anavula chipewa.

«Mwaghona, Esnati,» anatero, moni wa kwathu, mawu ali pansi ngati akuopa kumudzidzimutsa. Anakhala pomwepo akumuyang'ana mpaka laputopu inazima yokha.

Diso lamanzere linatsekeka mvula isanagwe, ndipo chaka chotsatira tinawaika agogo pafupi ndi mwana wawo. Chithunzicho ndinachitsukitsa chachikulu, china ndinapatsa azakhali, china ndinatumiza kwa bambo ku Ntcheu. Mnzanga wa situdiyo atachiona anati khungulo ndalidetsa pang'ono, akhoza kundikonzera. Ndinamuuza kuti asayerekeze.

Mawu a amayi sindiwakumbukira, ngakhale kayendedwe kawo. Koma m'mawa uliwonse ndikamadzola mafuta ndimachedwa pa mkono wamanzere, ndipo mwana wanga wamkazi akandifunsa kuti agogo ake ankaoneka bwanji, ndimakwinya malaya n'kumuonetsa.