Achikulire ndi Mzere Wosowa

Mu ofesi yathu yoyeza madzi a m'zitsime muli bambo ena a imvi amene timangowatchula kuti Achikulire. Pulogalamu yojambulira magalafu ikalakwitsa, ife timaitukwana n'kuzimitsa kompyuta. Iwo amavala magalasi n'kufunsa modekha kuti, "Yalakwitsa pa makina ati? Nanga pa enawo?" Amati sungapite ndi mwana kuchipatala n'kungouza dokotala kuti sakupeza bwino.

Chaka chatha galafu ya mchere wa m'madzi inkaoneka bwinobwino pa kompyuta yawo yakale, koma pa yanga yatsopano mzere wochenjeza kuti mchere wachuluka unasowa. Chitsime choipa chinkaoneka ngati chabwino.

"Tingoujambula ndi cholembera, Achikulire," ndinatero.

"Nanga anzathu akwina, amene sanaone kuti wasowa?"

Anatha masiku awiri akuchotsa manambala opangira galafuyo pang'onopang'ono, mpaka pa zikwi ziwiri panatsala atatu okha oonetsa vutolo. Anawatumiza kwa opanga pulogalamuyo, m'kalata imene inayamba ndi kufunsa za moyo wa ana kunyumba.

Patatha mwezi, opangawo anayankha kuti akonza. Achikulire anangopukuta magalasi awo.

"Basi, mwana wanga. Wina adzadutsa pamenepo osadziwa kuti panali dzenje."