Kanyenyezi ka pa Tayala

Inu owerenga, alamu anga lero sakuyenda, ndipo amene ndinawakhazika pansi ndine. Sindinawamenye, sindinawalodze ayi. Ndinangowasankhira matayala a galimoto ndi pakamwa pangapa, ndili wotsimikiza ngati matayalawo ndinawapanga ndekha. Ndikulemba izi kuti inu amene mumafulumira kuyankha musanafunse, ngati mmene ndinalili ine, mumve.

Ndine dalaivala wa hotela ina kuno ku Doha, ndipo ndimagona ku Umm Ghuwailina, chipinda chimodzi ndi anzanga a kumudzi. Ndisanabwere kuno ndinkamata matayala pa Lunzu, ndipo zimenezo zinandipatsa matama. Anzanga ankanditchula kuti a Makaniko, ena monyogodola, koma ine dzinalo ndinkalimva kukoma. Nkhani ya galimoto ikayamba, ndinkafuna aliyense atseke pakamwa ndilankhule ine.

Alamu angawo ndi a Wyson, amuna a mlongo wanga Tiyamike. Ndine ndinawapezera mwayi wobwera kuno, ndipo tsiku lonyamuka mlongo wangayo anandiuza pafoni kuti ndiziwayang'anira. A Wyson ndi munthu wofatsa, wosatsutsa, woti mukawauza kuti khalani apa amakhaladi pomwepo. Ankayendetsa galimoto ya banja lina ku Al Duhail, galimoto yaikulu, ija imakoka ndi matayala onse anayi.

Chaka chatha kutentha kutayamba kuchepa, bwana wawo anawauza kuti winta yayandikira, akasinthe matayala ndi marimu omwe. Winta ya kuno ndi nyengo imene kumazizirako pang'ono, ngati Juni wa kwathu, ndipo eni dziko amakonda kukamanga matenti kuchipululu. Bwanayo ankangofuna matayala atsopano oti apitire kumchengako. A Wyson anaopa kusankha okha, ndiye anandiimbira. Ndinati alamu musavutike, Lachisanu madzulo tipitira limodzi.

Ndinawauza kuti galimoto yotere sasintha tayala limodzi kapena awiri, amasintha onse anayi, ofanana msinkhu ndi mano omwe, apo ayi imaonongeka m'kati. Zimenezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinawachititsa kundikhulupirira pa zina zonse. Kenako ndinalemba pafoni mawu aja a bwana, matayala a winta. Zithunzi zonse zimene zinabwera zinali ndi kachizindikiro kamodzi m'mbali mwa tayala: kaphiri, m'kati mwake muli kanyenyezi ka nthambinthambi. Pansi pake panali Chingerezi chambiri, koma sindinadzivute n'kuwerenga, chifukwa kanyenyeziko ndinkakadziwa kale. Ndi komwe kaja kali pa batani la eyakoni, limene ndimadina tsiku lililonse kuti alendo a ku hotela asatenthedwe. Mutu wanga unamalizira pomwepo: kanyenyezi ndi kuziziritsa, ndiye ili ndi tayala losatentha ngakhale msewu uwotche chotani. Ha, ndinadziona wanzeru bwanji!

Tinazungulira mashopu a ku Sanaiya, kumene kuli magalaji, osawapeza. Zimenezo zokha zikanandiuza kanthu, koma ine ndinati zinthu zabwino zimasowa. Potsiriza tinawapeza pa shopu ina, anayi atsopano, ali kale pa marimu a galimoto ya mtundu womwewo. Mzungu wina ndiye anawaitanitsa, ankafuna kupita nawo kwawo koma sanabwerenso kudzatenga. Wogulitsayo, bambo wa ku Pakistan, anapukusa mutu. Anati amenewa ndi a ayezi, ku Qatar mafi ayezi, kutanthauza kuti kuno kulibe. Ine ndinaseka, n'kuwauza a Wyson m'Chichewa kuti munthuyu akufuna atikankhire ena amene amutsalira.

A Wyson anayang'ana ine, anayang'ana wogulitsa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, bwanji timumvere kaye?"

Ndinawafunsa kuti pakati pa ine ndi iwo, amene anamatapo tayala ndani. Wogulitsa uja anangoti khalasi, zatha, n'kuuza anthu ake amange.

Miyezi yozizira ija galimoto inayenda bwinobwino. Bwana sanawerameko n'komwe kuti aone zimene tamanga. Mvula itagwa tsiku lina, a Wyson anandiimbira kundithokoza kuti galimoto ikugwira msewu ngati yamatidwa. Ine ndinafalitsa nkhaniyo chipinda chonse, mpaka anzanga anatopa nayo.

Kenako kunayamba kutentha. Inu amene simunafikeko kuno, dzuwa la Julayi si la ku Nsanje ayi, phula limawotcha phazi kudutsa nsapato. A Wyson anandiimbira kuti galimoto ikumachita ngati ikuyandama pokhota. Ndinati onjezerani mpweya. Anandiimbiranso kuti mano a matayala akutha msanga, ndipo akaponda buleki ikumapitirira pang'ono isanaime. Ndinawayankha ndikutafuna chakudya, ndinati alamu mwayamba kuthamanga, chepetsani phazi. Zoona ndithu, munthu akundiuza zimene akumva ndi thupi lake pa chiwongolero, ine ndikumutsutsa ndili pa bedi. Chimene sindinkafuna ndi chakuti a Makaniko aoneke kuti analakwitsa.

Masana ena, a Wyson atangotula ana a bwana kwa agogo awo, thiraki ya patsogolo pawo inaima mwadzidzidzi pa msewu wa Salwa. Anaponda buleki pa nthawi yake, oona anachitira umboni. Galimoto sinaime. Inalowa pansi pa thirakiyo, ndipo kutsogolo konse kunapindikira pa miyendo yawo. Kuchipatala anadula mwendo wamanja pamwamba pa bondo. Wamanzere ulipo, koma sukumva kanthu.

Ndinapita ndi bwana wawo kukaona galimoto ija kumene anaikokera. Munthu wa inshuwalansi anagwada, n'kuloza kanyenyezi kaja ndi cholembera. Anafotokoza kuti kameneko ndi chizindikiro cha sinowo, ayezi amene amagwa ngati mvula m'maiko ozizira. Labala ya matayala amenewo ndi yofewa dala kuti isaume ndi chisanu, ndiye pa moto wa kuno imafewa mopitirira, imatha msanga, ndipo galimoto imachedwa kuima. Kenako anafunsa kuti anasankha matayalawa ndani. Bwana anati dalaivala wanena kale kuti anasankha yekha. Ine ndinaima pomwepo, sindinatsutse.

Nditapita kuchipatala ndinalira ngati mwana. Ndinawafunsa a Wyson chifukwa chimene ananamira. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Alamu, akakubwezani kumudzi inunso, ana adya chiyani? Tiyamike musamuuze." Sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo kunena zoona, bola akanandituka.

A Wyson anabwerera kumudzi. Ine ndikadali kuno, ndikuyendetsa alendo, ndipo ndikalowa m'galimoto ndimayenera kudina batani lija. Anzanga m'chipinda sakudziwa chifukwa chake ndinawaletsa kunditchula a Makaniko, amangoti ndayamba kupemphera.

Abale anga amene mukugwira ntchito m'maiko a eni, tayala la kuzizira ndi la kuzizira, la kutentha ndi la kutentha, ndipo mawu amodzi amatha kutanthauza zina kuno, zina kwina. Chizindikiro chimene simukuchidziwa musachimasulire ndi mutu wanu, funsani, ndipo wogulitsa akapukusa mutu mufunseni chifukwa chake. Koma koposa zonse, munthu wofatsa akakuuzani kuti timumvere kaye, imani. Kunena kuti sindikudziwa sikudula mwendo wa munthu.

Sabata yatha mlongo wanga ananditumizira uthenga wa mawu pafoni. Anayamba n'kundithokoza kuti ndinawasamala amuna ake kuchipatala ngati m'bale wanga weniweni. Kenako anati njinga ya olumala imene anabwereka kutchalitchi yaphulika tayala, ndipo akupempha ndiwagulire ina kuno. Anamaliza ndi mawu awa: "Achimwene, njira ya kwathu kuno mukuidziwa, miyala yokhayokha. Inu ndi amene mumadziwa matayala, ndiye musankhe nokha, ife tikhulupirira."

Uthengawo ndaumvetsera kambirimbiri. Mpaka lero sindinamuyankhe.