Sitima ya a Sarwono inathera batire pamaliro

Ndimakazinga tempe, chakudya chathu cha soya, m'mbali mwa njanji, ndiye za a Sarwono musandiuze, ndinaziona ndi maso angawa. Anakalambira pa udalaivala wa sitima yadizilo. Kampani itabweretsa sitima yamumsewu yoyendera batire, anawaphunzitsanso ngati mwana: buleki uziigwira pang'onopang'ono kuti moto ubwerere m'batire, ndipo usaime pena paliponse kupatula pasiteshoni, pakuti kunyamukanso ndi kumene kumadya moto. Anamva ndithu. Koma munthuyu akaona gogo akukupiza dzanja ndi dengu kumsana, ankaima basi. Mabwana ankati ndi wowononga.

Lachisanu lina mabwana batire anangoitchaja mwa apo ndi apo, akuti ikwanira. Chapamsika a Sarwono anakumana ndi maliro a Mbah Tukinem, mayi wogulitsa maluwa. Kwathu kuno maliro akamadutsa, ngakhale wanjinga amatsika. A Sarwono anamanga buleki mwamphamvu, n'kuvula chipewa. Mudzi wonse unawoloka njanji osathamanga, makina oziziritsa m'sitima akungodya moto. Atanyamuka sanapite patali, sitima inazima siteshoni ikuonekera.

Amene anaikankha ndife, pamodzi ndi amuna ochokera kumanda dothi lili kumapazi. Palibe anadandaula.

Anadandaula ndi bwana wamkulu, munthu woti sanakwerepo sitimayo. Anaitana a Sarwono pamaso pa madalaivala onse, nati apepese, alonjezenso kuti tsiku lina adzaliza belu anthu apatuke. Akakana, ntchito yatha. Mkazi wawo, Mayi Partini, anali atawachonderera kale kuti angogwada, m'mimba simulowa ulemu. A Sarwono anangofunsa chimodzi.

"Bwana, maliro anuwo ndidzawalizirenso belu?"

Anawachotsa tsiku lomwelo.

Zimandipsetsa mtima mpaka lero. Kutchaja mwaumbombo kunali kwa mabwana, koma mlandu unagwera amene anavula chipewa. Dalaivala watsopano ndi katswiri, amafika batire ili ndi moto wotsala, ndipo agogo amawadutsa ngati zitsa. Agogowo tsopano amakwera njinga zamoto zofuka utsi, kampani n'kumadzitama kuti yayeretsa mpweya.

Ina mwa njingazo amayendetsa ndi a Sarwono, msana wopindika, akutsokomola. Dzulo ndinawafunsa ngati amanong'oneza bondo. Anati iwo ayi, koma Mayi Partini sakuwayankhulabe.