Mphini za a Chalo pansi pa mlatho wa njanji

Ine ndikaona chinthu chosamveka, mtima sukhala m'malo mpaka nditafunsa. Amayi anga ankati ndidzapsa mphuno ndi kusuzumira m'miphika ya eni. Ndiye nditakwatiwa kuno ku Thonburi, nyumba yathu itayang'anana ndi ya a Chalo kutsidya kwa ngalande, sipanatenge nthawi ndinayamba kudabwa nawo.

A Chalo ankayendetsa bwato lonyamula anthu, lija la injini ya galimoto ndi mchira wautali wachitsulo. Panalibe wothamanga ngati iwo. Akadutsa, mafunde ankagubuduza mbale zimene tikutsuka pamakwerero, ife n'kumawatukwana, iwo n'kumaseka. Pachipata cha madzi, pamene ngalande yathu imakumana ndi mtsinje wa Chao Phraya, anzawo ankalowa pang'onopang'ono poopa kukhula khoma, koma iwo ankalowa ngati wina akuwathamangitsa. Munthu yemweyo akafika pa mlatho wa njanji n'kumva sitima ikulira kutali, ankazimitsa injini n'kudikira mpaka bogi lomaliza litadutsa.

Okwera ankang'ung'udza. "Achimwene, sitimayo ikudutsa pamwamba, ife pansi. Tigundana bwanji?"

"Wofulumira asambire," ankayankha choncho, akuyatsa fodya.

Akazi awo, a Lamiat, ndinkakazinga nawo nthochi pakhomo la kachisi, ndipo tinakhala pachinzake cha ponda apa nane mpondepo. Tsiku lina ndinawafunsa ngati amuna awo amalipidwa powerenga mabogi. Anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Ndi mphini, mnzanga. Simunauone msana wawo?"

Ali mnyamata, a Chalo anapita kwa mphunzitsi wina wokalamba kumudzi, amene anawatemera msana wonse ndi singano yaitali: malemba opatulika mizeremizere, ndi akambuku awiri oyang'anana. Kuchokera apo anakhwima. Mpeni sunkalowa, madzi sankawatenga. Koma mphini zili ndi malamulo ake. Asatukwane mayi wa munthu, asadutse kunsi kwa chingwe choyanikapo zovala za akazi, ndipo mapazi a anthu asadutse pamwamba pa mutu wawo. Akangophwanya limodzi, zonse zasukuluka.

Ine sindinakhutire. Ndinawapeza a Chalo akumwa khofi pakhonde n'kuwapanikiza, ndikuwaitana ndi dzina la mwana wawo.

"Bambo a Tukta, nanga milatho ya magalimoto ija mumangodutsa bwanji? Si mapazi a anthu amenewo?"

"Ija ndi simenti, mayi Pranom. Simenti ndi dothi. Koma wa njanjiwu tayang'anani m'mwamba, mumaona mitambo pakati pa mitandayo. Komanso chimbudzi cha m'sitima mukudziwa kumene chimatayira?"

"Ndiye mphini zanuzo zimaopa mkodzo?"

"Inu simuuopa?"

Koma funso linatsala m'mimba: zimagwiradi ntchito? Ena ankanena kuti padoko woledzera wina anawabaya mpeni, n'kungong'ambika malaya okha. Ena ankati mpeniwo unali wobuntha, wosendera mango. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti anakalamba pamadzi opanda chipsera, ndipo mantha sankawadziwa ngakhale pang'ono.

A Lamiat anamwalira chakumapeto kwa dzinja, atadwala nthawi yochepa. Ndinalira ngati wafa m'bale wanga. Thupi tinaliwotcha kukachisi, ndipo kunatsala kukamwaza phulusa pamtsinje waukulu, monga anapemphera eni ake. Anakanitsitsa za m'ngalande. Ankati atsukamo mbale moyo wawo wonse, sangakagonenso momwemo.

Vuto linali madzi. Chaka chimenecho mtsinje unkabwera wodzaza kuchokera kumpoto, ndipo oyang'anira chipata analengeza kuti tsikulo masana atseka, sadzatsegulanso mpaka madzi ataphwa, mwina patapita milungu. Tukta, mwana wawo yekhayo, amagwira ntchito kutali kum'mwera ndipo anayenera kubwerera mawa lake. Tikanachedwa, akanapita asanawaperekeze amayi ake.

Tinanyamuka m'mawa, dzuwa litakwera ndithu. Kutsogolo kunakhala amonke, ansembe okalamba a kukachisi kwathu, amene tonse timangowatcha agogo, atadzikulunga mkanjo wawo wachikasu. Pakati ine ndi Tukta, iye atafungatira kamtsuko ka phulusa kokulungidwa nsalu yoyera, ine nditanyamula maluwa. Kumbuyo a Chalo ndi injini yawo. Tinadutsa nyumba za pamizati, agalu akutiuwa, amayi ena akutiweramira ataona nsalu yoyera ija.

Titakhota, tinaona mlatho wa njanji. Sitima inali itaima pamwamba penipeni, phee, anthu atatulutsa mitu m'mazenera. A Chalo anazimitsa injini.

"Kwagwanji kumeneko?" anafuula.

"Lole yafera panjanji kutsogoloku!" anayankha mayi wina ali pazenera, akudya chimanga. "Akuti akudikira yodzakoka!"

Tinadikira. Mabwato ena anatipitirira, oyendetsa akuwayang'ana a Chalo cham'mbali, koma poona maliro palibe anawaseka. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina a Chalo atsike awoloke wapansi, koma pamenepo mbali zonse ndi khoma lalitali loterera, nyani yemwe sangakwere. Ndipo akanatsika, injini ija akanaigwira ndani? Dzuwa linkangokwera.

"Ababa," anatero Tukta motsitsa mawu, "atitsekera."

A Chalo anatembenukira kwa amonke aja.

"Agogo, kodi mphinizi zikamasukuluka munthu amamva?"

"Ndingadziwe bwanji, mwana wanga? Msana wanga ndi woyera ngati mbale. Za mphini munapangana ndi mphunzitsi wanu. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti dzuwa likafika paliwombo sindiloledwanso kudya, ndipo mimbayi yayamba kale kundikumbutsa."

Tukta anaseka misozi ili m'maso. A Chalo anayang'ana m'mwamba, pamene timadontho tinkagwa kuchokera kunsi kwa bogi n'kumapanga timizere pamadzi. Kenaka analiza injini mwapansipansi.

"Tukta, bwera ugwire apa. Usapotoze, ungolunjika. Ndipatse amayi ako."

Analandira kamtsuko kaja, n'kugwada pansi m'bwato, n'kukaphimba ndi chifuwa chawo monga imachitira nkhuku ndi anapiye. Malaya anakwera m'mwamba, akambuku aja n'kuyang'anana ndi mimba ya sitima. Tinalowa mumthunzi. Kunkanunkha dzimbiri ndi mafuta, ndipo pamwamba pathu tinkamva anthu akuyendayenda m'bogi. Dontho limodzi linagwera pamsana wawo, tho, n'kutsetsereka pakati pa malemba.

Ndinene zoona, ine ndinali nditatong'ola maso pamsanapo. Ndinkafuna ndione ngati malembawo afufutike, kapena akambuku atsinzine, kaya chiyani. Zaka zonse zija ndinkadikira nthawi imeneyi. Sipanachitike kanthu. Tinatulukira padzuwa, iwo anadzuka, anapukuta nsalu yoyera ija ngakhale inali youma, n'kumubwezera Tukta kamtsuko.

Pachipata tinapeza chitseko choyamba chayamba kutsika. Woyang'anira atatiwona anachiimitsa.

"A Chalo, lero mwabwera ngati kamba! Lowani msanga, ndinu omaliza."

Tinalowa pakati pa zitseko ziwiri zija, chakumbuyo chinatsekeka, madzi n'kuyamba kutinyamula pang'onopang'ono, khoma la ndere likutsika pambali pathu. Chakutsogolo chitakwera, mtsinje unaonekera, wofiirira, wotakata, ukuthamanga ndi namasupuni ndi zitsa. Apa m'pamene ndinaona chimene ndinachisowa pamsana paja. A Chalo anagwiritsitsa chitsulo ndi manja onse awiri. Anatulutsa bwato mwaulemu, akuyang'ana funde lililonse, thukuta lili kamukamu.

Pakati pa mtsinje agogo anapemphera, Tukta ndi bambo ake anatsitsa phulusa m'madzi, ine ndinamwaza maluwa. Madzi anatenga zonse mofulumira kuposa mmene ndinkafunira. Poti chipata chinali chitatsekedwa, bwato tinakalimangirira pa kachisi wina wa m'mbali mwa mtsinje, kumene agogo anapeza mpunga wawo nthawi isanathe. Ife tinakhala pamakwerero a doko kudikira galimoto.

A Chalo ankangoyang'ana manja awo. Kenaka anandifunsa, mawu ali ochepa.

"Mayi Pranom, kodi anthu nonsenu mukakwera bwato mumamva chonchi? Mawondo kuzizira, m'mimba kutembenuka?"

"Masiku onse, makamaka oyendetsa mukakhala inu."

Ndinayesa nthabwala, koma sanaseke.

"Lamiat ankagwira m'mbali mwa bwato mpaka zala kuyera. Ine n'kumamukalipira, n'kumati ukundikayikira iwe. Sanandiuzepo kuti zimakhala chonchi."

"Akanakuuzani mukanamva?"

Anapukusa mutu.

"Ankaopa, bambo a Tukta," ndinatero, "koma mukawaitana ankakwerabe."

Anabisa nkhope m'chipewa, ndipo Tukta anawagwira paphewa mpaka galimoto inafika.