Chala Chachikulu cha Ababa

Sitiroko itawagwira ababa, chimene chinkandiwawa kwambiri sichinali ndodo yawo kapena pakamwa popotoka, koma chitseko. Nthawi ya chakudya ikakwana, amayi ankawapititsira mbale kuchipinda, iwo n'kudzitsekera. Dzanja lamanja linali litafooka. Munthu amene ankatimenya zala tili ana tikatola chakudya ndi lamanzere sakanalola kuti timuone akudyera lamanzere lomwelo.

Ku Kabwata ababa ankadziwika ndi mpeni. Pakakhala ukwati kapena maliro, ngakhale a tchalitchi ankabwera kudzawatenga kuti akaphe mbuzi mwa Chisilamu, Asilamu adzadye nawo mosakayika. Kuchipatala anawapatsa kampira kofinya, n'kutichenjeza kuti zala zikapanda kugwira ntchito miyezi imeneyi zidzaumiratu. Kampirako kanathera pansi pa bedi.

"Mukundiyesa mwana ine?" anatero, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndinali nditabwerera pakhomo, mzimayi wamkulu ndithu wa pantchito, koma Loweruka masana ndinkakhala pamkeka kutsogolo kwa TV kusewera gemu. Makinawo ndinagula akale m'tauni. Gemuyo inali ya mtsikana wa jasi lofiira ndi lupanga lalitali kuposa iye mwini. Ankadumpha pamadenga n'kumadula ziwanda pakati, magazi n'kumathovoka ngati penti, kenako n'kusanduka maluwa. Kupha kokha sikunali kokwanira, gemuyo inkafuna uphe mokongola, ndipo nkhondo ikatha inkakupatsa chilembo ngati kusukulu. Ine ndinkangodinya mabatani onse ngati ndikukanda ufa wa mandasi, ndipo chilembo changa chinali chochititsa manyazi.

Tsiku lina ababa akuchokera kubafa anaima kumbuyo kwanga. Ndinayembekezera ulaliki wa za haramu.

"Mtsikanayu anamuphunzitsa mpeni ndani?" anafunsa. "Akungokhapa ngati akulambula tchire."

"Ndine nimuyendesa, ababa."

"Ndiye chifukwa chake."

Anakhala pampando. Sabata yotsatira anakhalanso, akundinyoza kuyambira poyamba mpaka magetsi atazima. Ndinkapsa mtima, koma ndinkaluma lilime, poti kunali koyamba kuwaona pabalaza kwa ola lathunthu.

Panali chimunthu china cha nyanga chimene chinandikanika. Chimenechi sichinkafuna phuma. Umayenera kuima osachita kanthu mpaka chikwanje chake ching'anime, ndiye pomwepo n'kudinya batani limodzi lokha ndi chala chachikulu chamanja. Ukalondola nthawi, zonse zimayenda pang'onopang'ono, ng'oma zimaleka, mtsikana uja amatchinga n'kuchidula kamodzi. Ukafulumira kapena kuchedwa, mutu wako umagubuduzika pansi.

"Ukufulumira," ababa ankatero. "Wodziwa mpeni amadikira. Tsopano! Aaa, iwe!"

Ndinatopa nazo. Ndinawaponyera chogwirira cha gemuyo pamiyendo.

"Chitani imwe kansi, si ndimwe ba shehe ba mipeni?"

Amayi anasuzumira kuchokera kukhitchini, diso lawo likundiuza kuti ndapyola malire. Inenso ndinadzimvera chisoni, chifukwa ndinali nditaiwaladi za dzanja lija. Koma ababa anachitola. Ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere n'kuliika pamalo pake, chala chachikulu chili pa batani.

Diso lawo linkaona nthawi bwinobwino, koma chala chinkafika mochedwa. Mtsikana uja anafa, n'kufanso, n'kufanso. Thukuta linatsika m'khosi mwa mkanjo wawo. Sanatukwane, ankangoti, "Mudzutse." Ine n'kumudzutsa.

Zinatenga masabata ambiri. Ndinkachoka kuntchito ku Woodlands n'kuwapeza atayatsa okha, amayi atawathandiza kupeza waya wake. Mnzawo wa kumzikiti atawapeza akusewera, ababa anamuuza mosaseka n'komwe kuti ndi mankhwala a kuchipatala. Nthawi ya swala ikakwana ankaimitsa gemu, chiwanda chili m'malere kukamwa kuli yasa, n'kupita kukatawaza.

Tsiku limene anachidula chimunthu cha nyanga chija ine kunalibe, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Anangondiuza ndikuvula nsapato kuti, "Mnzako uja wagona." Sindinganame kuti gemu ndiyo inawachiritsa. Mpeni sanaugwirenso, ndipo eni mbuzi anayamba kupita kwa munthu wina wa ku Chunga. Chitseko chija chinkatsekedwabe.

Ramadani itafika, tsiku loyamba dzuwa likulowa, tinayala mkeka pabalaza ine ndi amayi, madzi ndi zipatso za tende zili pakati. Amayi anali atakonza kale mbale ya kuchipinda. Tinangomva ndodo ikugogoda pansi. Ababa anatsika movutikira n'kukhala pamkeka, osayang'ana aliyense.

Azana yoitanira ku swala itamveka, anatambasula dzanja lamanja n'kutola tende imodzi. Tende inagwa. Anaitolanso, n'kugweranso pamkanjo. Amayi anayamba kusuntha kuti awathandize, ine n'kuwagwira bondo. Tonse tinali ndi ludzu la tsiku lonse, koma palibe anakhudza kapu. Kachitatu chala chachikulu chinaipanikiza pa chala cholozera, ikunjenjemera njira yonse mpaka kukamwa.

Anatafuna nthawi yaitali. Kenako anatiyang'ana, misozi yathu ili mbwembwembwe.

"Mukudikira chiyani?" anatero. "Idyani."