Cheke cha masheya chimene sichinafike ku Thambani

Nditapuma pa ntchito ya unamwino pa chipatala chaching'ono cha ku Thambani, ndalama yanga yopumira inachedwa pafupifupi chaka. Itatuluka, inapeza amuna anga atayikonzera kale ntchito. Iwo moyo wawo wonse ndi wa manachesi ndi mbuzi, ndiye ankafuna pikapu yoti izinyamula manachesi kupita ku Blantyre, pobwerera izitola anthu pa boma. Galimotoyo anali atayiona kale kwa mkulu wina wa kwa Kanduku, matayala ake atawagogodanso ndi phazi.

Ine ndinali nditaona mapikapu ambiri a anzanga opuma pa ntchito atakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo. Ndinkafuna chinthu choti chizindipatsa kangachepe popanda kuthamangathamanga, chifukwa mawondo anali atayamba kale kundivuta.

Nzeru ya masheya inachokera kwa mlongo wanga wamng'ono, amene ankakonzera anthu mapepala a katundu pa malire a Mwanza. Tsiku lina nditapita kukamuona anandikhazika pa benchi panja pa kaofesi kake, n'kundiuza kuti ndingoyang'ana mumsewu. Mathanki a mafuta ochokera ku Beira anali atandanda mpaka kutsidya ku Zobue.

"Achemwali, mafuta mukuwaonawa sagona pano," anatero. "Mkucha akhala atatha, enanso abwera. Gulani kachigawo ka kampani yogulitsa zimenezi, muzidya nawo."

Anandifotokozera kuti kuli kampani yaikulu imene mwa zina ili ndi malo omwetsera mafuta, ndipo aliyense atha kugula masheya ake. Ikapanga phindu imagawira eni masheya, ndiye dividendi imeneyo. Anawonjezera kuti kukumveka zoti adzayala paipi ya mafuta kuchokera ku doko la ku Mozambique, ndipo ikadzafika ndidzakhala munthu wina. Paipiyo mpaka lero sindinaione, ndipo tikakumana pa maliro ndimamufunsabe kuti yafika pati.

Amuna anga sanakalipe. Anangoti ndalama ndi yanga, ndinaivutikira ndekha. Ndinapita ku Blantyre ndi mlongo wangayo, ku ofesi ya anthu ogulitsa masheya. Pa fomu ndinalemba dzina la pa mapepala anga a ntchito, la kwa bambo anga, osati la kubanja. Keyala ndinalemba bokosi la ku positi la chipatala, poti pakhomo tinalibe lathu. Ndinabwerako ndi pepala limodzi lokhuthala. Amuna anga analitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa kuti chimenechi chimadya chiyani kuti chiswane.

Macheke oyamba anafika bwinobwino. Kalaliki wa pa chipatala, amene tinagwira naye ntchito zaka zambiri, ankandibweretsera yekha envelopu kunyumba akachoka kotenga makalata ku boma. Sizinali ndalama zoti munthu n'kudzitama nazo, koma feteleza tinagula, ndi malata angapo osinthira pamene pankadontha.

Kenako kunabwera chaka chimene mafuta anasowa m'dziko muno. Mapikapu a ku Thambani anaima, anthu anabwerera pa njinga. Mlongo wanga ankati pa malire pali zii, tsiku limatha osaona thanki. Mwezi wa cheke unafika n'kudutsa. Ndinadikira nyengo yachiwiri, osaonanso kanthu. Kalaliki uja anali atamusamutsira kwina, ndipo ine ndinkachita manyazi kukafunsa kwa watsopano, mwamuna wochokera kumpoto amene sitinkadziwana kwenikweni. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti kampani yagwa. Nanga ikagulitsa chiyani mafuta kulibe?

Nkhani inamveka mpaka ku tchalitchi. Mayi wina wa m'chigwirizano anandigwira mkono n'kundipepesa ngati ndaferedwa, akuti m'bale wake nayenso anthu a m'tauni anamudyera ndalama chimodzimodzi. Ndinkayeza anthu kuthamanga kwa magazi zaka zonsezo, koma miyezi imeneyo anga ndi amene ankathamanga.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi amuna anga. Nthawi ya feteleza itakwana, anatenga mbuzi ziwiri kupita nazo ku msika osandiuza, n'kubwera ndi thumba pa njinga. Za pikapu sanatchulepo ngakhale kamodzi. Akanandinyoza mwina ndikanapeza poyankhira.

Mvula yoyamba itagwa ndinati ndikamve ndekha, ngakhale zikhale zoipa. Ndinakwera kabaza mpaka pa boma, mawondo akulira pa chitunda chilichonse. Minibasi imene ndinapeza inkayendera mafuta a m'zigubu ochokera ku Zobue, ndipo tonse tinafika ku Blantyre tikununkha petulo.

Mu ofesi muja ndinapeza mayi wachitsikana, wovala magalasi. Ndinamupatsa pepala langa n'kumuuza kuti asandibisire, ndine munthu wa chipatala, nkhani zoipa ndinazolowera kuzinena ndi kuzimva. Anayang'ana pa kompyuta kanthawi, kenako analowa m'chipinda china. Atatuluka anali ndi maenvelopu awiri m'manja, onse a dzina langa. Pamwamba pake wina anali atalemba ndi bolopeni kuti munthuyu kuno sadziwika.

"Amayi, macheke anu anapita kawiri, kawiri konse anabwerera," anatero. "Masheya anu ali momwemo, palibe wawakhudza."

Ndinamufunsa kuti kampani yalipira bwanji mafuta kulibe. Anati phindu la chaka chimenecho linachepadi, koma kampaniyo ili ndi malonda enanso, ndipo mafuta ochepa amene ankafika sankagona pa pampu. Apa m'pamene ndinazindikira chimene chinachitika. Kalaliki watsopano ankandidziwa ndi dzina la amuna anga, monga Thambani yense. Ataona dzina lachilendo pa envelopu, anachita zimene munthu wokhulupirika amachita, anabweza.

Ndinakhala pa mpando n'kuvula nsapato, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinayamba kuseka, misozi n'kutsatira. Mtsikanayo anandibweretsera madzi, n'kundilangiza kuti nditsegule akaunti ku banki kuti ndalama zizingolowa, za positi tiziiwale. Macheke akalewo anati andilembera ena, poti nthawi yake inali itapitirira. Ndinachita zonse tsiku lomwelo, n'kugona kwa mwana wa mchemwali wanga ku Chilomoni.

M'mawa mwake ndinaima kaye pa malire. Mlongo wanga atandiona anadzuka msanga, nkhope itagwa. Anali ataonda, ndipo ndinadziwa kuti nkhaniyi inkamudya kuposa ine, poti miyezi yonseyo ankandizemba. Nditamuuza anagwira mutu, n'kuyenda mpaka pa geti n'kubwerera. Kenako anandigulira buledi wa ku Zobue wodzaza jumbo.

Amuna anga ndinawapeza akupalira m'manachesi. Ndinawafotokozera zonse ndili chiimire, jumbo ili m'manja. Anaika khasu pansi, n'kukhala pa mwala, navula chipewa. Anati masiku onsewo ankaganizira mmene akawauzire ana kuti asandiimbe mlandu, chifukwa munthu aliyense amalakwitsa. Kenako anandiyang'ana.

"Mayi, manachesi akayenda bwino chaka chamawa, mudzandiperekeze ku ofesi imeneyo. Koma ine ndikalembetsa dzina limene anthu amandidziwa nalo."

Manachesi anayendadi bwino chaka chotsatira. Ndinawakumbutsa kawiri za ulendowo, koma tsiku la msika litafika anapita ku Thambani n'kubwera ndi mbuzi zitatu.