Mmene Amayi Anakhalira Munthu wa ku Ndunde

Ndinabadwira ku Halale, m'komboni ya mgodi kumene bambo anga anagwira ntchito zaka zambiri. Bambowo kwawo kunali ku Chiradzulu, koma amayi anali a konko, Mshona. Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, chifuwa cha bambo chinayamba kuvuta, ndipo iwo anati safuna kukalambira m'dziko la eni. Tinanyamuka atatu, poti mwana ndinali ndekha. Tinatsika sitima ku Limbe, kenako basi inatisiya pamsewu, kwinako tinamaliza wapansi mpaka kumudzi kwa bambo, chakufupi ndi Ndunde.

Amene anatilandira anali azakhali, mlongo wawo wa bambo. Anali munthu wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula. Atamuona mlongo wawo analira, kenako anapukuta misozi n'kuyang'ana amayi nthawi yaitali. Ine ndinachita mantha. Panjira bambo anali atatiuza kuti kwawo mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, ndipo minda imayenda kuchikazi. Choncho kubwera ndi mkazi wachilendo pamudzi wa alongo awo kunali kupempha chinthu chachikulu. Azakhali anangoti, "Mwayenda ulendo wautali, alamu. Lowani m'nyumba." Anatipatsa nyumba imene ankasungiramo nandolo, ndipo fungo lake tinakhala nalo miyezi ingapo.

Ine Chinyanja ndinkachimva chifukwa cha bambo, ngakhale anzanga kusukulu ankaseka kalankhulidwe kanga. Amayi ndiwo anavutika. Tsiku lachiwiri ali ndi ludzu anauza azakhali kuti, "Ndikufuna mvula yakumwa." Kwawo madzi amawatcha choncho. Azakhali anayang'ana kumwamba, kunali kowala bwino mwezi wa Ogasiti, n'kunena kuti, "Alamu, imeneyo mudikira mpaka Novembala." Ine nditamasulira, onse anaseka mpaka kugwirana mapewa. Aka kanali koyamba kuwaona azakhali akuseka.

Mvula itayandikira, azakhali anatenga amayi n'kupita nawo kumunda wawo wa pamtsetse. Anayenda kuchoka pa mtengo wa mango kukafika pa mwala waukulu, n'kunena kuti apa muzilima inu. Kwawo kwa amayi ankalima ndi ng'ombe, ndiye kugalauza mizere ndi khasu tsiku lonse kunawatulutsa matuza m'manja. Mizere yawo yoyamba inaloza kumunsi kwa phiri. Azakhali atafika anagwira pakamwa. "Mvula ikagwa, dothi lonseli likapezeka kudambo," anatero. Sanakalipe ayi. Anatenga khasu n'kuyamba kugumula mzere woyamba, ndipo anagwira limodzi masiku atatu mpaka mizere yonse inapingasa.

Chimene sindidzaiwala ndi nkhani ya kalongonda. Munthu wina anatipatsa nyemba zikuluzikuluzo m'lichero, poganiza kuti aliyense amadziwa kaphikidwe kake. Bambo anali atapita kuchipatala, azakhali ali kumaliro kumudzi wina. Amayi anaziphika monga amaphikira nyemba zina zonse, ndipo zitafewa anandiitana kuti tidye. Ndinali nditasamba kale m'manja pamene mayi wina wa nyumba yoyandikana nafe, amene aliyense ankamutcha amake mapasa, anadutsa pakhomo ndi mtolo wa nkhuni. Anaona makoko pansi n'kuima.

"Mwayamba nthawi yanji kuphika zimenezi?"

Ndinayankha kuti chakum'mawa komweku.

"Madzi mwataya kangati?"

Ndinafunsa amayi, n'kuyankha kuti sitinataye.

Anaponya nkhuni pansi, n'kuthamanga kudzalanda mbale m'manja mwanga. Amayi anaimirira atakwiya, poganiza kuti mayiyo wasokonezeka mutu. Amake mapasa anayesa kufotokoza, akusakaniza Chinyanja ndi Chilomwe chakwawo, koma amayi sankamva kanthu. Ndiye anayamba kuchita kusonyeza: analoza mphika, analoza pakamwa, anayenda dzandidzandi ngati woledzera, kenako anadzigwetsa pansi n'kutong'ola maso. Pamenepo amayi anamvetsa kuti kalongonda wophika osataya madzi ndi woopsa. Anakhala pansi n'kundikumbatira.

Amake mapasa sanapite kwawo tsiku limenelo. Anakhala nafe mpaka dzuwa kupendeka, akuwiritsa, kutaya madzi akuda biii, kuthira ena, n'kuwiritsanso. Titadya, amayi anawaombera m'manja monga amachitira kwawo, atagwada, ndipo mayiyo anachita manyazi n'kuwadzutsa. Kuyambira pamenepo anakhala pa chinjira. Kuchitsime ankapita limodzi, kuchigayo limodzi. Chinyanja chambiri amayi anachiphunzira kwa iwowo, n'chifukwa chake mpaka ukalamba wawo ankaponyamo mawu a Chilomwe osadziwa kuti ndi Chilomwe.

Amayi nawo anali ndi chawo chimene anabwera nacho: ankadziwa kuluka ndi singano ziwiri. Kwathu kuno mwezi wa Juni kukachita chiperoni, kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa, ndipo makanda ankavutika. Amayi anamasula juzi lakale la bambo n'kulukira mapasa aja tizipewa ndi timasokosi. Amayi ena ataona kusikelo anayamba kufunsa. Posakhalitsa pakhonde pathu masana pankadzaza azimayi, ena atasema singano zawo kuchokera ku nsungwi, ena ku masipoko a njinga. Amayi ankaphunzitsa ndi manja, mawu akawasowa. Ndimakumbukira ndikubwera kusukulu n'kuwapeza akuseka pakati pa anzawo, ndipo ndinazindikira kuti tsiku lonselo sanafune woti awamasulire.

Tinakhala choncho zaka zinayi, kenako bambo anamwalira. Mudzi wonse unatigwira dzanja. Patapita miyezi, amalume, mchimwene wawo wa amayi, anafika kuchokera ku Halale atalandira kalata. Anali munthu wabwino, ndipo anabwera ndi mtima umodzi wokha: kudzatenga mlongo wawo ndi mwana. Kwa iwo zinali zosamveka kuti mkazi wamasiye atsale yekha kutali, kopanda m'bale wake ndi mmodzi yemwe.

Abale a bambo anasonkhana pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba ya azakhali. Mkulu wina wa kubanja ananena mwaulemu kuti amayi amasulidwa, ali ndi ufulu wopita kwawo, palibe angawaletse. Amalume anathokoza. Ine sindinkafuna kuchoka, chifukwa ku Halale ndinali nditakuiwala, ndipo sukulu ndi anzanga zinali kuno.

Pamenepo azakhali anapempha kulankhula. Sanayang'ane amalume kapena akuluakulu aja, anayang'ana amayi.

"Alamu, mukafuna kupita, pitani bwino, tidzakuperekezani mpaka ku Limbe. Koma musapite poganiza kuti malo anu pano anathera kumanda. Ine amayi anga anandibereka mkazi ndekha. Ndinalibe mng'ono, tsopano ndili naye. Munda uja ndi wanu, ndipo ukadzachoka m'manja mwanu udzapita kwa mwanayu, monga timachitira ndi ana athu aakazi."

Amake mapasa, amene sanali wa pabanja ndipo anakhala chapatali, anakuwa kuti, "Nanga ine kuchigayo ndizipita ndi yani?" Anthu anaseka, ena akulira.

Amayi anatembenukira kwa amalume n'kulankhula nawo m'Chishona, motsitsa mawu, ndipo amalume ankangogwedeza mutu. Atatha anauza anthu onse m'Chinyanja kuti, "Ndikhala konkuno. Mwamuna wanga ali pano, ndipo chimanga changa chili m'munda."

Amalume anakhala nafe sabata ina. Anakonza denga la nyumba yathu limene linkadontha, anayendera munda, anadya kwa azakhali ndi kwa amake mapasa. Tsiku lonyamuka anandiuza kuti akupita mtima uli m'malo, ndipo akauza agogo kuti mwana wawo ali pakati pa anthu.

Amayi anakhala ku Ndunde zaka zonse zotsala za moyo wawo. Ku Halale anapitako kawiri kokha kukaona abale, ndipo ulendo wachiwiri anabwerako msanga chifukwa nthawi yopalira inali itakwana. Azakhali atadwala matenda awo omaliza, amene ankawasambitsa ndi kuwamwetsa phala anali amayi. Ine nditakula, mwamuna wanga anabwera kudzamanga nyumba pamudzi pomwepo, ndipo palibe anafunsapo kuti mwana wa mlendo akulandira bwanji mkamwini. Ana anga anabadwira pamenepo, ndipo awiri mwa iwo akadali pomwepo ndi mabanja awo.